Bandi ya gitala ndi ng'oma imafera mu situdiyo

Pali mtundu wa bandi umene Mzuzu sasowa. Anthu anayi kapena asanu, gitala ya bokosi imodzi kapena ziwiri, bezi, ng'oma zachikopa, visekese, ndiye mawu atatu olukana bwino ngati a kwaya. Nyimbo zake n'zakumudzi koma zovekedwa malaya a m'tauni: pansi pali kagundidwe ka malipenga kapena chilimika, pamwamba pali kolasi yoti munthu aigwire atangoimva kawiri. Bandi yotere imabuka ngati bowa. Chaka chino ili pakamwa pa aliyense kuyambira ku Luwinga mpaka ku Nkhata Bay, chaka chamawa mumva kuti woimba uja wayamba kuimba yekha, wa bezi wabwerera ku tchalitchi, wa ng'oma akupalasa kabaza ku Chibavi. Anthu amati ndi nsanje, ena amati mowa, ena mpaka kutchula mankhwala. Zimenezo zimakhalapo ndithu, koma zimabwera mtengo utafumbwa kale. Mng'alu woyamba umalowa tsiku limene bandi yapita kukajambula nyimbo yake yoyamba.

Kuyamba kwake n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake mabandi otere amachuluka. Oimba ambiri kuno anakulira m'makwaya, kaya a CCAP ya sinodi ya Livingstonia, a Katolika kapena a Adventist, choncho kugawana mawu sikufuna mphunzitsi. Wina amachokera ku Mzuni, wina ndi mmisiri wa matabwa ku Zolozolo amene agogo ake ankamenya ng'oma ya vimbuza ku Rumphi. Safuna kiyibodi, safuna ng'oma zachizungu, safuna magetsi pokonzekera. Khonde la nyumba ku Chiputula ndi lokwana. Komanso njira inalambulidwa kale. Malemu Wambali Mkandawire, amene anamwalira mu 2021, anaonetsa kuti nyimbo ya Chitumbuka yoyalidwa pa kagundidwe ka makolo ikhoza kumveka mpaka kunja kwa dziko, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anatchuka ndi babatoni yake ya nsambo imodzi. Malo oimbirako alipo: malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mabungwe. Ngakhale chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars chinayambira ku Chintheche konkuno mu 2004 chisanasamukire kwina.

Chimene anthu amakondera bandi yotere si mawu a woimba okha, ngakhale iye amaganiza choncho. Ndi mmene ng'oma ndi gitala zimakokerana. Magule ambiri athu amayenda patatupatatu. Mukawerenga bwino mupeza timagawo khumi ndi tiwiri m'chigawo chimodzi cha nyimbo, timene wa ng'oma amatigawa kanayi patatupatatu pamene wa visekese kapena owomba m'manja amatigawa katatu panayipanayi, ndipo zonsezi zikuchitika nthawi imodzi. Gitala imakhala pakati, phazi lina uku lina uku. Kukokerana kumeneko ndi kumene kumadzutsa munthu pampando. Sikulembedwa paliponse, kumangobwera anthu omwewo akaimba limodzi miyezi isanu ndi umodzi, katatu pa sabata. Muchotsepo mmodzi, muikepo katswiri woposa iyeyo, nyimbo ija imveka yolondola koma yozizira.

Bandi ikachoka pakhonde kupita pa siteji imakumana ndi zida, ndipo apa ambiri amapunthwa. Ya anthu asanu imafuna mayiki atatu a mawu, mizere iwiri ya magitala, umodzi wa bezi, mayiki awiri kapena atatu a ng'oma ndi visekese. Ndiye kuti mikisa ya matchanelo 12 ndiyo yocheperako yoyenera. Ya matchanelo 8 imatha kukakamiza oimba awiri kugawana mayiki imodzi, ndipo amene amagwa nazo nthawi zonse ndi wa mawu apansi. Gitala ya bokosi isalowe mwachindunji mu mikisa ndi waya wautali, idutse mu kabokosi ka DI, kamene kamateteza mawu a chida ku phokoso la m'waya, apo ayi mumva kulira kwa njuchi usiku wonse. Batire la 9V la m'gitala limafa mosachenjeza, mawu amayamba kusasa ngati sipika yang'ambika, anthu n'kumakalipira wa mikisa wosalakwa. Lina likhale m'thumba la gitala. Kulira kwa "huuu" kumene kumabwera wa gitala akayandikira sipika yoikidwa pansi yoti oimba azidzimvera kumachokera m'mimba mwa gitala momwemo, pa mawu apansi a pakati pa 100 ndi 250 Hz. Tsekani dzenje la gitala ndi chivindikiro cha labala, tsitsani pang'ono mawu apansi pa tchanelo imeneyo, basi kwatha. Ndipo pamene pali jenereta, zida ziyatsidwe jenereta itakhazikika kale, ma amplifier pomalizira, pozimitsa ayambe iwowo.

Nyengo ya Mzuzu nayonso ili ndi gawo lake. Mvula kuno imachedwa kusiya, ndipo mu June ndi July mumakhala chisanu ndi kamvula kowaza. Nsambo zachitsulo zimachita dzimbiri msanga. Kuzipukuta ndi kansalu kouma mukangomaliza kuimba kumaziwonjezera masiku, koma yachitatu, ya G, ikayamba kuda, sinthani zonse zisanu ndi imodzi, osati yokhayo, chifukwa nsambo yatsopano pakati pa zakale imalira mopyola anzake. Chikopa cha ng'oma chimamwa chinyezi n'kulefuka. Chimafuna kuwamba pamoto mphindi zingapo, chapatali ndithu, mukuchizunguza ndi kuchigogoda mpaka liwu likwere, ndipo pakapita kanthawi chimalefukanso. Bandi yodziwa imakonza mndandanda wa nyimbo moti zodalira ng'oma zibwere koyambirira ndi pambuyo pa kupuma, mbaula ili kuseri. Ndiyeno mukatsika kuchoka ku Mzuzu kozizira kupita ku Nkhata Bay kotentha, ulendo wa makilomita osakwana 50, gitala imasokonekera yokha. Itulutseni m'thumba ipume theka la ola musanayichune.

Zonsezi n'zotheka kuzigonjetsa, ndipo bandi imene yazigonjetsa imayamba kumveka. Apa m'pamene wina amati, "Amangwetu, tijambule." N'zoona, popanda nyimbo yojambulidwa wailesi singakuimbeni, kaya ndi Voice of Livingstonia, Tigabane, Zodiak kapena MBC, ndipo okonza zoimbaimba zikuluzikulu amayamba apempha kuti muwatumizire nyimbo pa WhatsApp.

Koma taonani situdiyo zimene bandi yongoyamba ingakwanitse. Kachipinda kamodzi, kompyuta, mayiki imodzi yabwino, kabokosi kolowetsera mawu ka mizere iwiri. Anthu asanu sangajambulidwe nthawi imodzi mmenemo. Pulodyusa amayamba ndi kuyala ng'oma za pa kompyuta, ndipo pulogalamu yake imatseguka ili pa kuwerenga kwa 4/4, timagawo khumi ndi tisanu ndi kamodzi. Akapanda kuisintha kuti iwerenge patatupatatu, gule uja waphedwa kale nyimbo isanayambe. Wa ng'oma amayesa kumenya motsatira kagogodi ka m'mahedifoni, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, amaphonya kangapo, nthawi ikupita ndipo ndalama yolipira ndi ya pa nyimbo imodzi. Pulodyusa amati, "Musadandaule mdala, ndiikamo ndekha." Wa bezi naye chimodzimodzi: chida chake chili ndi waya wolira, ndiye bezi imaimbidwa pa kiyibodi. Mawu othandizira, woimba wamkulu amangowaimba yekha katatu chifukwa anzake ali ku ntchito Lachiwiri masana. Pomaliza nyimbo imatuluka ndi dzina la bandi, koma m'katimo muli anthu awiri okha, woimba ndi pulodyusa.

Nyimbo ija ikalephera, bandi imapulumuka. Ikagunda, ndiye tsoka. Anthu amaizolowera mmene ikumvekera pa foni, yosalala, ya bezi yolemera, ndipo pa shoo amafuna yomweyo. Bandi imayamba kutsanzira chithunzi chake chomwe. Wa ng'oma amauzidwa kuti achepetse, wa gitala yachiwiri amaona kuti mbali yake mulibe m'nyimbo imene anthu akuidziwa. Choopsa kwambiri, woimba amatulukira kuti ali ndi nyimbo yonse pa fulashi, yopanda mawu ake okha, yoti akhoza kuimbira paliponse pali sipika.

Apa masamu amalowa, ndipo masamu alibe chibale. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti nkhani imveke. Malo ena ku nyanja alipira K600,000. Kubwereka zokuzira mawu K150,000, minibasi yopita ndi kubwera K120,000, chakudya ndi pogona K60,000. Zatsala K270,000, anthu asanu, aliyense K54,000, pa ntchito imene yadya Loweruka lonse, theka la Lamlungu ndi masiku atatu okonzekera. Tsopano mwini malo yemweyo aimbire foni woimba yekha n'kunena kuti, "Bwerani nokha ndi fulashi, zokuzira mawu tili nazo, tikupatsani K300,000." Mwini malo wapulumutsa theka. Woimba akwera Sienta, awononga mwina K40,000, abwera ndi K260,000 m'thumba. Munthu wa lendi yosalipira ndi mwana wodwala, mumuuza chiyani? Ulendo woyamba amapita mobisa. Wachiwiri anzake amaonera pa Facebook.

Maulendo akutali ndiye amaonjeza moto. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita opitirira 350, kudutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ndipo ntchito zolipira bwino zambiri zili kumeneko ndi ku Blantyre. Kunyamula anthu asanu ndi ng'oma zawo n'kodula kasanu kuposa kunyamula mmodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, nsambo, mawaya, mabatire ndi mafuta zonse zinakwera, pamene malipiro a oimba sanathamange nawo liwiro lomwelo. Chaka cha 2020, cha mliri wa Covid-19, chinali chitaonetsa kale kuti misonkhano ikaletsedwa, bandi yodalira siteji ilibe podya, pamene woimba mmodzi ndi pulodyusa wake amapitiriza kutulutsa nyimbo ali m'nyumba.

Njira yotsekera dzenje limeneli ilipo, koma imafuna kuuma mtima pa situdiyo. Bandi ijambulidwe ikuimba pamodzi, ngakhale zitatanthauza kubwereka holo ya tchalitchi kapena kalasi Loweruka m'mawa ndi kubweretsa pulodyusa ndi zida zake kumeneko. Pamafunika kabokosi ka mizere isanu ndi itatu, makatani kapena mabulangeti pa makoma ochepetsa kubwerera kwa mawu, wa ng'oma akhale pakona patali ndi magitala, bezi ilowe mwachindunji. Ng'oma, bezi ndi gitala zijambulidwe kaye limodzi, popanda kagogodi ngati wa ng'oma sanakazolowere, katatu kapena kanayi, musankhe ulendo umene unavinitsa ngakhale muli kolakwika pang'ono. Mawu abwere pambuyo m'kachipinda kaja. Denga la malata ndi mdani, choncho musayese m'miyezi ya mvula. Nyimbo zinayi zojambulidwa chonchi zimaposa khumi ndi ziwiri za pa kompyuta, pa chifukwa chimodzi chokha: woimba sangaziimbe yekha osamveka kuti waba. Ndipo nyimbo yopanda mawu ija isatuluke mu situdiyo popanda onse kuvomera.

Kenaka pali funso limene aliyense amaliopa: nyimboyi ndi ya yani? M'nyimbo imodzi muli katundu wamitundu iwiri. Pali nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi kaimbidwe kake, imene mwini wake ndi woipeka. Palinso chojambulidwacho, chimene nthawi zambiri chimatsata amene anakonza ndi kulipira ntchito yojambula. COSOMA, bungwe limene lakhala likutolera ndalama za oimba kuyambira 1992 ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la 2016, limalipira amene analembetsa, motsata magawo amene analembedwa. Sililipira amene "aliyense akudziwa" kuti ndiye anapeka kolasi. Zimachitika kuti woimba wamkulu amapita yekha kukalembetsa, osati mwa chiwembu, koma chifukwa ndiye anali ndi nthawi ndi chiphaso m'thumba. Patapita chaka, ndalama za mawailesi ndi za msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo zikatuluka, zimagwera foni imodzi. Wa gitala amene anabweretsa kaliridwe kotsegulira nyimbo, kamene anthu amaizindikira nako, amangomva mphekesera.

Ife timakonda kagawidwe kosavuta. Tsiku limene nyimbo yamalizika, pepala limodzi: dzina la nyimbo, amene analemba mawu, amene anapeka kaimbidwe, amene anailuka, peresenti ya aliyense, onse asayine, aliyense ajambule pa foni yake. Mabandi ena amagawa mofanana nyimbo zonse posaona kuti wayambitsa ndani, ndipo ngakhale wopeka weniweni amaoneka ngati waluza, mabandi otero ndi amene amakalamba. Ena amapatsa wopeka theka, theka linalo n'kugawana onse. Zonse ziwiri zimayenda. Chosayenda ndi "tidzakambirana zikadzayenda", chifukwa anthu amagwirizana msanga pogawa ndalama imene kulibe.

Pa nyimbo zotengedwa kumudzi pamafunika ulemu wapadera. Nyimbo ya pamtondo kapena ya vimbuza si ya amene wayamba kuiika pa YouTube. Lamulo limaiona ngati chuma cha fuko, ndipo chanu ndi kaluka kanu ndi mavesi amene mwaonjezera. Komanso vimbuza, zimene UNESCO inazizindikira mu 2005, ndi gule wa machiritso, osati wa pa bala. Pali nyimbo zina zimene akuluakulu sakondwa kuzimva pakati pa mabotolo, ndipo mkangano umenewu umatha kulowa m'bandi momwemo, pakati pa amene anakulira m'mwambowo ndi amene amangoona kagundidwe kokoma. Nkhani ya chilankhulo imabwera pomwepo. Nyimbo zoyamba zimakhala za Chitumbuka kapena Chitonga, kenaka wina amati kuti tilowe msika wa Lilongwe tiimbe Chichewa, wina amati azungu a ku nyanja amafuna Chingerezi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bandi imataya anthu a kwawo isanapeze a kwina.

Za ndalama za pa shoo, kugawa kasanu n'kulakwa ngakhale kukuoneka kwachilungamo. Gawani kasanu ndi kawiri: magawo asanu a anthu, limodzi la thumba la bandi, limodzi la mwini zida ngati zida ndi za munthu mmodzi. Pa K270,000 ija aliyense atenga pafupifupi K38,500. N'zochepa, inde, koma nsambo zikaduka kapena chikopa chikang'ambika simusonkherana mokwiya, ndipo mwini sipika sadzadzuka tsiku lina n'kunena kuti mwakhala mukumudyera. Thumba lisakhale pa Airtel Money kapena Mpamba ya woimba wamkulu. Asunge wina, kope asunge winanso. Ndipo theka la malipiro lilandiridwe musanakwere galimoto, lotsala musanayambe chigawo chachiwiri, chifukwa mwini malo wofunidwa 2 koloko usiku sapezeka.

Nambala ya foni imene ili pa chikwangwani ndiyo bandi yeniyeniyo. Amene amayankha foni ndiye amadziwa mtengo weniweni umene wagwirizanidwa, ndiye amasankha ntchito yovomera ndi yokana. Ikhale SIM ya bandi, ndipo uthenga uliwonse wa ntchito utumizidwe pa gulu la WhatsApp mmene wabwerera, osati wofotokozedwa pakamwa. Dzina la bandi nalo, ngati mwaliona kuti layamba kulemera, kalilembetseni ngati bizinesi ya anthu onse, ndipo mulembe kuti wochoka amasiya dzina.

Pali zina zopha bandi zimene palibe pepala lingaziletse. Wa ku Mzuni amamaliza zaka zake zinayi n'kupita kumene ntchito yamuitana. Mphunzitsi amasamutsidwa kupita ku Chitipa. Mtsikana wa mawu okoma uja amakwatiwa, apongozi n'kunena kuti zoimba usiku zathera pomwepa. Wina amalowa m'chipembedzo mozama n'kukana kuimba pamalo a mowa, kumene kuli theka la ntchito. Kuyambira January mpaka March maukwati amachepa, alendo ku nyanja amachepa, anthu ali kumunda ndipo ndalama yapita ku feteleza ndi fizi. Bandi imene sinasunge kanthu imasiya kukumana "mpaka mvula ithe", ndipo miyezi itatu yosaimba limodzi imakwana kuti kukokerana kuja kuzilale. Ndiye pali chibwenzi cha m'bandi, chimene sitinenapo zambiri. Chikatha, mmodzi amachoka, ndipo kawirikawiri amachoka ndi mnzake wapamtima.

Kutha kwenikweni sikukhala ndi phokoso. Kukonzekera kumatsika kuchoka katatu pa sabata kufika kamodzi, kenaka kumangochitika tsiku la shoo m'galimoto. Nyimbo zatsopano zimasiya kubwera, chifukwa wopeka wayamba kusungira zabwino ntchito yake ya yekha. Pa shoo ya maola atatu, imene imadya nyimbo zoposa 30, zanuzanu zimatsala zisanu ndi zitatu zomwe zija, zina zonse n'za eni ake. Pa chikwangwani pamayamba kulembedwa dzina la woimba ndi zilembo zikuluzikulu, la bandi pansi pake. Tsiku lina wa bezi amatumiza mng'ono wake kuti akamuimirire. Palibe amene amalengeza kanthu, gulu la WhatsApp limangokhala chete.

Zikafika apo, chotsala ndi kugawana bwino. Zida zogulidwa ndi thumba la bandi ziwerengedwe mtengo wake wa lero, wofuna kutsala nazo alipire anzake, osati kuzisiya "kwa amene ali ndi malo" chifukwa sizidzabwerako. Mafayilo a nyimbo akatengedwe ku situdiyo sabata yomweyo, osati MP3 yokha, koma WAV, fayilo yosunga mawu onse osachepetsedwa, ya nyimbo yomalizidwa ndi ya chida chilichonse payokhapayokha, pa mafulashi awiri osungidwa m'nyumba ziwiri, ndipo muwatsegule pa kompyuta ina kuti muone ngati akulira musanachoke. Makompyuta a mu situdiyo amafufutidwa akadzaza kapena akagwidwa ndi vayirasi, ndipo pulodyusa sasunga ntchito ya bandi imene yatha. Akaunti ya YouTube, ya Facebook ndi ya kampani yotumiza nyimbo ku Spotify ndi Boomplay zimakhala zomangiriridwa ku imelo imodzi ndi nambala imodzi. Pasiwedi ilembedwe, onse akhale nayo, ndipo wina apatsidwe udindo woika mayunitsi mu SIM ija mwezi ndi mwezi. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa n'kupatsidwa munthu wina, ndipo uthenga wotsegulira akaunti ya nyimbo zanu uzipita kwa mayi wogulitsa tomato ku Karonga.